Anauzidwa Mtengo wa Ufumu, Koma Anatseka Makutu

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri ofukula zinthu zakale amene ankakumba pa chitunda cha Gezer, kumadzulo kwa Yerusalemu, anatola kamwala kosalala, kobulungira pamwamba, koti mwana atha kukafumbata osaoneka. Pa sikelo sikanakwane ndi magalamu 8 omwe. Pamsana pake panali zilembo zitatu za Chiheberi chakale, zowerengedwa kuti pimu. Mawu amenewa amapezeka kamodzi kokha m'Baibulo lonse, mu 1 Samueli chaputala 13, ndipo kwa zaka mazanamazana omasulira ambiri ankayesa kuti akunena tupa yonolera zitsulo. Kamwalako ndi ena otero amene anapezeka pambuyo pake anaulula kuti pimu ndi muyeso wa siliva, magawo awiri mwa atatu a sekeli. Unali mtengo umene mlimi wachiisraeli ankalipira kwa Mfilisti kuti amunolere khasu.

Taganizani bambo wa kumapiri a Efraimu, mvula yoyamba ili pafupi kugwa. Wamangirira khasu la pulawo, nkhwangwa ndi chikwakwa pa bulu, akutsetserekera kuchigwa kumene kuli adani ake. Kwawo kulibe wosula ndi mmodzi yemwe, chifukwa Afilisti analetsa dala poopa kuti Aheberi angadzisulire malupanga ndi mikondo. Afika pachipala, akhala pansi kudikira, mvukuto ukupuma. Mikondo yatsopano yatsamira khoma, ndipo iye safunsa kuti ikupita kuti, chifukwa akudziwa. Alipira siliva wake, abwerera atazolika. Buku lomwelo limati tsiku lina la nkhondo, pa gulu lonse la Aisraeli anthu awiri okha ndiwo anali ndi lupanga ndi mkondo.

Ndayambira pa kamwalaka dala. Maulaliki ambiri amene ndamva pa nkhani ya Aisraeli kupempha mfumu amawaonetsa ngati anthu opepera, otengeka ndi za eni, osayamika. Ine sindiwaona choncho. Anali ndi zilonda zenizeni, ndipo dandaulo lawo linali loona. Chimene chimandiwawa n'chakuti anauzidwa poyera, chimodzichimodzi, zonse zimene ufumu udzawalanda, koma pa akuluakulu onse amene anakhala pabwalo tsiku limenelo palibe amene anafunsa funso ngakhale limodzi.

Mtundu wopanda likulu

Kunja kwa Baibulo, dzina la Israeli limaoneka koyamba pa chimwala cha Farao Merneptah, cholembedwa cha m'ma 1208 BC, chimene Flinders Petrie anachipeza ku Thebes mu 1896 ndipo lero chili ku Cairo. Alembi a Farao ankaika kachizindikiro pambali pa dzina kosonyeza kuti ndi malo kapena ndi anthu. Pa Asikeloni ndi Gezer anaika cha mzinda wachilendo. Pa Israeli anaika bambo ndi mayi atakhala pansi, kutanthauza anthu chabe, opanda mzinda wachifumu. Ofukula m'mapiri a dzikolo apeza zogwirizana ndi zimenezi: timidzi tambirimbiri, tambiri topanda linga, nyumba zosasiyana kwenikweni kukula, nkhokwe zokumba pansi, zitsime zosema m'thanthwe. Milandu inkatha ndi akulu a mabanja. Nkhondo ikabuka lipenga linkalira, munthu wina n'kudzuka kutsogolera, amuna n'kusiya makasu, ndipo ikatha aliyense ankabwerera kumunda kwake. Kunalibe msonkho wa boma, kunalibe asilikali olembedwa ntchito.

Ufulu umenewu unali ndi msana wake wozizira. Lipenga likalira, mafuko ena ankangokhala, ndipo m'masiku a Debora ena anadzudzulidwa potchula maina chifukwa chotsalira ndi nkhosa ndi zombo zawo anzawo akufa. Buku la Oweruza limatha ndi nkhondo yapachiweniweni imene inasiya amuna 600 okha a fuko la Benjamini.

Kugombe kunali anthu a mtundu wina. Afilisti anafika kuchokera kutsidya la nyanja, ndipo zithunzi za pa makoma a Medinet Habu zimaonetsa Farao Ramesses III akulimbana nawo cha m'ma 1175 BC. Anakhazikika m'mizinda isanu, Gaza, Asikeloni, Asidodi, Ekroni ndi Gati, ali ndi magaleta, zitsulo ndi amuna amene ntchito yawo inali nkhondo basi. Ku Afeki anapha Aisraeli 4,000. Aisraeli atanyamula Likasa la Chipangano kupita nalo kunkhondo poyesa kuti liwapulumutsa, anafa 30,000, Likasalo n'kulandidwa. Wansembe Eli, wa zaka 98, atamva uthengawo anagwa chagada pampando n'kuthyoka khosi. Pa Silo, pamene panali malo opembedzera a mtundu wonse, ofukula anapeza phulusa la moto waukulu wa cha m'ma 1050 BC.

Samueli anakulira m'nyumba ya Eli yomweyo. Ndiye anadzutsa mtunduwo, n'kuusonkhanitsa ku Mizipa kumene Afilisti anagonja, ndipo chaka ndi chaka ankazungulira ku Beteli, Giligala ndi Mizipa kuweruza milandu, n'kumabwerera kwawo ku Rama. Atakalamba anachita chinthu chimene sitiyenera kuchibisa chifukwa chomulemekeza. Anaika ana ake, Yoweli ndi Abiya, kukhala oweruza ku Beereseba, makilomita pafupifupi 80 kumwera, kutali ndi maso ake. Uweruzi sunali wachibadwira m'Israeli. Munthu amene anaona ndi maso ake ana a Eli akupisa foloko m'miphika ya nsembe za anthu anabwereza yekha cholakwa cha Eli. Anyamatawo anayamba kudya ziphuphu ndi kupotoza milandu.

Choncho akuluakulu atafika ku Rama ananena zinthu zitatu: kuti mkuluyo wakalamba, kuti ana ake sanatengere iye, ndi kuti awaikire mfumu monga zilili kwa mitundu yowazungulira. Ziwiri zoyambazo Samueli sanazitsutse, chifukwa panalibe chotsutsa. Chachitatucho chinamulasa mumtima. Atapemphera, Mulungu anamuuza kuti wokanidwa si iye koma Mulungu mwini, kuti awamvere anthuwo, koma ayambe wawachenjeza mwamphamvu za mmene mfumu idzawalamulire.

Mawu amodzi obwerezabwereza

Chenjezo la Samueli mu 1 Samueli chaputala 8 limandidabwitsa nthawi zonse ndikaliwerenga, chifukwa silikamba za kumwamba. Limamveka ngati munthu akuwerengera mnzake katundu wa m'nyumba mwake asanamulande. Ndipo likuyenda pa mawu amodzi obwerezabwereza, akuti kutenga.

Ayamba ndi ana aamuna. Mfumu idzawatenga kuti aziyendetsa magaleta, ena azikwera akavalo, ena azithamanga wapansi patsogolo pa galeta lake. Ena adzakhala akapitawo a asilikali, ena adzalima ndi kukolola minda ya mfumu, ena adzasula zida. Apita kwa ana aakazi: adzatengedwa kukapanga zonunkhira, kuphika ndi kuotcha buledi kunyumba yachifumu. Kenako minda, osati yam'mphepete koma yachonde, ya mphesa ndi ya azitona, imene mfumu idzagawira nduna zake. Kenako chakhumi cha tirigu ndi mphesa. Kenako antchito ndi abulu. Kenako chakhumi cha ziweto. Zonse zikatha, chotsala ndi mwini wake, ndipo Samueli anati nayenso adzakhala kapolo. Anamaliza ndi mawu oopsa kuposa onse: tsiku limene adzalire chifukwa cha mfumu yodzisankhira okha, Mulungu sadzayankha.

Mwisraeli aliyense akanayenera kunjenjemera pa mawu awiri. Chakhumi chinali gawo la Mulungu, ndiye kuti mfumu idzadziika pa muyeso umodzi ndi Mulungu. Ndipo ukapolo ndiwo anatulukamo ku Iguputo, nkhani imene ankafotokozera ana awo chaka chilichonse pa Paska.

Akatswiri ena amati mawuwa analembedwa patapita zaka zambiri, ndi anthu amene anali ataona kale ulamuliro wa Solomo. Koma mu 1956 katswiri wina, Isaac Mendelsohn, anaonetsa kuchokera m'zolemba za ku Ugarit kuti mafumu a mizinda ya m'chigawocho ankachita zimenezi kale Samueli asanabadwe: kulemba anthu usilikali, kugawira nduna minda, kudula chakhumi, kugwiritsa anthu ntchito mokakamiza. Mneneriyo sanafunike kulota. Akuluakuluwo anapempha mfumu yonga ya mitundu ina, iye n'kungowafotokozera mmene mitundu inayo inkakhalira.

Ndiponso anali ndi chitsanzo cha kwawo komwe. Gideoni atagonjetsa Amidyani anthu anamupempha kuti awalamulire iye ndi ana ake, ndipo anakana. Mwana wake Abimeleki sanakane. Analandira ndalama zasiliva 70 za m'kachisi wa ku Sekemu, analemba ganyu anthu osowa chochita, n'kupha abale ake 70 pa mwala umodzi. Wotsala yekha, Yotamu, anakwera phiri la Gerizimu n'kuwaponyera fanizo la mitengo yofuna mfumu. Azitona, mkuyu ndi mpesa zinakana chifukwa zinali ndi zipatso zoti zibale, ndipo amene anavomera ndi mkandankhuku, chitsamba chaminga chopanda mthunzi, chosachedwa kugwira moto. Patatha zaka zitatu Abimeleki anagumula Sekemu yemweyo amene anamulonga ufumu, ndipo anafera ku Tebezi mayi wina atamuponyera mwala wa mphero pamutu.

Ndi zonsezi m'makutu, yankho la akuluakulu linali lakuti ayi, akufuna mfumu basi, yoti iziwaweruza, iziwatsogolera ndi kuwamenyera nkhondo.

Apa ndi pamene ndimawaimba mlandu. Sanati Samueli akunama. Sanati tiyeni tikambirane malire, mfumu izitenga mpaka pati, ikalakwa idzudzulidwe ndi yani. Buku la Deuteronomo chaputala 17 silikana ufumu, koma limaumanga zingwe: mfumu isachulukitse akavalo, akazi, siliva ndi golide, ikhale ndi buku la malamulo lakelake loti iziwerenga masiku onse, isadzikweze pamwamba pa abale ake. Ku Rama palibe anatchula chingwe ndi chimodzi chomwe. Ndikuganiza kuti ziphuphu za Yoweli ndi Abiya zinawagonthetsa m'kutu. Ankamva bambo wa akuba akuwachenjeza za wakuba, n'kuona ngati nkhalamba ikungoteteza mpando. Koma zoipa za ana a Samueli sizinasandutse mawu ake kukhala bodza.

Palinso ichi. Olankhula tsiku limenelo anali akuluakulu, anthu oti sakanathamanganso patsogolo pa galeta la munthu. Anyamata odzathamangawo kunalibe. Atsikana odzatsekeredwa m'khitchini ya mfumu kunalibe. M'chaputala chonsecho simumveka mawu a mayi ndi mmodzi yemwe. Anavomera ngongole anthu amene sankadzaibweza.

Chaputala chimenechi chakhala chikukanganitsa anthu mpaka kutali. Aphunzitsi achiyuda a m'buku la Talmud anatsutsana ngati mndandandawo ndi zimene mfumu ikuloledwa kuchita kapena unali woopseza anthu kuti aleke. Mu 1598 Mfumu James ya ku Scotland inaugwiritsa ntchito pophunzitsa kuti anthu azigonjera mfumu ngakhale yoipa. Mu 1776 Thomas Paine anatenga chaputala chomwecho kulimbikitsa Amereka kuti akane mfumu ya ku England. Ine ndikuona kuti James anapotoza. Munthu amene akukuuza kuti udzalira sakupereka chilolezo kwa wokuliza.

Mulungu anawapatsa chimene anapempha. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha.

Zaka zokoma zoyamba

Tinene chilungamo, poyamba zinaoneka ngati mneneri analakwitsa. Sauli mwana wa Kisi anali wamtali kuposa onse, wamanyazi, wopezeka akufunafuna abulu a bambo ake, ndipo tsiku lomusankha ku Mizipa anakabisala pakati pa akatundu. Samueli analemba malamulo a ufumu m'buku n'kuliika pamaso pa Mulungu, kuyesa kumanga yekha zingwe zimene akuluakulu sanapemphe. Sauli anabwerera kwawo ku Gibeya n'kumalimabe ndi ng'ombe.

Kutsidya la Yordano kunali Nahasi, mfumu ya Aamoni, ndipo Samueli mwini anadzanena kuti mantha a munthu ameneyu ndiwo anakankha anthu kupempha mfumu. Mpukutu wina wakale wa buku la Samueli, wopezeka m'mapanga a ku Qumran, uli ndi ndime imene inasowa m'mabuku ena, yonena kuti Nahasi anali atakolowola kale maso a kumanja a amuna a mafuko a Gadi ndi Rubeni, ndipo 7,000 anathawira ku Yabesi-Gileadi. Atazinga mzindawo ananena kuti mtendere ulipo pokhapokha aliyense apereke diso lakumanja. Sauli anamva izi akuchokera kumunda. Anaduladula ng'ombe zake n'kutumiza nthulizo m'dziko lonse, mafuko anasonkhana ngati munthu mmodzi, ndipo Yabesi anapulumuka. Mayi wa ku Yabesi amene mwana wake anatsala ndi maso onse awiri sakanamva za Samueli tsiku limenelo, ndipo sindingamudzudzule.

Ku Giligala, pa chikondwerero, nkhalambayo inaimirira kutsazika. Inatenga mawu aja akuti kutenga n'kudziyesa nawo yokha pamaso pa anthu: anene amene inamutengera ng'ombe, amene inamutengera bulu, amene inamulandira chiphuphu. Onse anavomera kuti palibe. Kenako inapemphera, ndipo kunagunda mabingu, mvula n'kugwa pa nthawi yokolola tirigu, nyengo imene kumeneko sikugwa mvula. Aliyense amene anaonapo mvula ikukhuthukira pa mikukwe ya chimanga chouma akudziwa mantha amene anagwira alimi aja. Pamenepo anavomera kuti analakwa, koma mafuta anali atathiridwa kale pamutu pa munthu. Samueli sanawataye. Anawalonjeza kuti sadzaleka kuwapempherera ndi kuwaphunzitsa.

Ngongole iyamba kubwezedwa

Mawu a akulu akoma akagonera. Sipanapite nthawi, Sauli akangoona mwamuna wamphamvu ankamutenga. Pambuyo pake tikumupeza atakhala pansi pa mtengo ku Gibeya, mkondo uli m'manja, akukumbutsa anthu a fuko lake kuti Davide mwana wa Jese sangawapatse minda ndi maudindo. Minda imeneyo inachokera kwa yani? Pa kukayikira chabe analamula kuti ansembe 85 a ku Nobu aphedwe. Anafera pa phiri la Giliboa m'manja mwa nkhondo ya Afilisti omwe aja, ndipo amuna a ku Yabesi ndiwo anayenda usiku wonse kukachotsa mtembo wake pa khoma la Beti-Sani.

Davide anathetsadi vuto la Afilisti. Koma nyengo ina asilikali ali kunkhondo iye anatsala ku Yerusalemu, anaona mkazi wa Uriya, n'kutuma anthu kukamutenga. Ana ake, Abisalomu ndi Adoniya, aliyense atafuna ufumu anayamba ndi kudzipezera galeta ndi amuna 50 othamanga patsogolo pake, ndendende mmene Samueli ananenera.

Pa Solomo mndandanda wonse unakwanira. Anagawa dziko m'zigawo 12, chilichonse kudyetsa nyumba yachifumu mwezi umodzi pachaka. Chakudya cha tsiku limodzi chinali miyeso 30 ya ufa wosalala ndi 60 ya ufa wamba, muyeso umodzi wokha uli malita oposa 200, kuwonjezapo ng'ombe 30 ndi nkhosa 100. Anali ndi magaleta 1,400 ndi okwera pa akavalo 12,000, akazi 700 ndi adzakazi 300. Kachisi anamangidwa zaka 7, nyumba ya mfumu zaka 13. Amuna 30,000 analembedwa thangata, 10,000 mwezi uliwonse kupita ku Lebanoni kukadula mikungudza, mwezi umodzi kumeneko, iwiri kwawo. Ife kuno mawu akuti thangata timawadziwa kuwawa kwake. Makolo athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankalima m'minda ya atsamunda yawo ikumera tchire, ndipo limeneli linali limodzi mwa madandaulo amene anadzutsa John Chilembwe mu 1915. Tikamayamikira kukongola kwa kachisi wa Solomo tizikumbukiranso mayi wa ku Efraimu amene ankakolola yekha chifukwa unali mwezi wa mwamuna wake ku Lebanoni.

Solomo atamwalira, cha m'ma 930 BC, patatha zaka pafupifupi 100 chichitikire msonkhano wa ku Rama, zidzukulu za akuluakulu aja zinasonkhana ku Sekemu kupempha mwana wake Rehobowamu kuti apepuze goli. Tsopano anafunsa funso limene agogo awo sanafunse. Nduna zachikulire zinalangiza mfumu kuti imvere anthu. Iyo inatsata anyamata amene inakula nawo, ndipo patatha masiku atatu inayankha kuti ngati bambo ake ankakwapula ndi zikoti, iyo idzakwapula ndi zinkhanira. Inatumanso Adoramu, mkulu wa thangata, kuti akalankhule nawo. Anamugenda mpaka kufa, ndipo mafuko 10 anapatuka.

Mphesa za Naboti

Kumpoto, Ahabu anali mfumu yamphamvu pamaso pa dziko. Chimwala cha mfumu ya Asuri, Shalmaneser III, chimene chili ku British Museum, chimati pa nkhondo ya ku Qarqar mu 853 BC Ahabu anabwera ndi magaleta 2,000 ndi asilikali 10,000. Koma munthu wa magaleta onsewo anasirira kamunda ka mphesa koyandikana ndi nyumba yake ku Yezireeli, kuti adzalemo ndiwo zamasamba. Mwini wake, Naboti, anakana kugulitsa chifukwa unali munda wa makolo. Ahabu anakagona kuyang'ana kukhoma, osadya. Ankadziwabe kuti m'Israeli muli malire amene ngakhale mfumu singadumphe. Mkazi wake Yezebeli, mwana wa mfumu ya ku Sidoni, anakulira kumene malire otero kunalibe. Ufumu wonga wa mitundu ina uja unali utalowa mpaka kuchipinda.

Yezebeli analemba makalata, kuwadinda ndi chidindo cha mfumu, n'kuwatumiza kwa akuluakulu a mzinda wa Naboti. Iwowo ndiwo anaitanitsa kusala kudya, anakhazika Naboti kutsogolo, anapeza mboni ziwiri zonama, n'kumutulutsa kukamugenda. Buku la 2 Mafumu limaonjeza kuti magazi a ana ake anakhetsedwanso. Akulu a mzinda, amene kale anali chitetezo cha munthu wamba, anali atasanduka manja a nyumba yachifumu. Wotsala woti alankhule anali Eliya yekha, amene anakapeza Ahabu ali m'munda momwemo.

Kuyambira pamenepo mneneri woona ankakhala kunja kwa mpanda. Mikaya ananena zosiyana ndi aneneri 400 a mfumu, anamenyedwa khofi n'kuponyedwa m'ndende. Amosi anathamangitsidwa ku Beteli ndi wansembe Amaziya, amene anamuuza kuti malowo ndi a mfumu. Samariya anagwa mu 722 BC, ndipo Sargon II analemba kuti anatenga anthu 27,290.

Moto wa m'mbaula

Chithunzi chimene sichindichoka m'maso ndi cha ku Yerusalemu, m'nyengo yozizira ya kumapeto kwa 604 BC. Yehoyakimu anaikidwa pampando ndi Farao Neko, ndipo anafinya anthu kuti alipire Iguputo matalente 100 a siliva ndi imodzi ya golide. Pa nthawi yomweyo ankamanga nyumba ya zipinda zapamwamba, ya matabwa a mkungudza ndi utoto wofiira, osalipira amisiri. Mneneri wina, Uriya mwana wa Semaya, atathawira ku Iguputo, mfumu inatuma anthu kukamugwira n'kumupha. Yeremiya analetsedwa kulowa m'kachisi, choncho anauza mlembi wake Baruki mawu onse a zaka zoposa 20, nawalemba mu mpukutu.

Mfumu yakhala m'nyumba yake ya nthawi yozizira, mbaula ikuyaka patsogolo pake, nduna zaimirira. Munthu wina dzina lake Yehudi akuwerenga mpukutuwo. Akamaliza magawo atatu kapena anayi, mfumu itenga kampeni ka mlembi, icheka, iponya pamoto. Awerenganso, ichekanso. Nduna zitatu, Elinatani, Delaya ndi Gemariya, zinaichonderera kuti isatenthe, koma sinamve, mpaka mpukutu wonse unatha. Palibe anang'amba chovala chake. Ku Rama anthu anatseka makutu kuti apeze mfumu, ndipo tsopano mfumuyo inali ndi mphamvu yotseka makutu a mtundu wonse. Yeremiya ndi Baruki ali kobisala anatenga mpukutu wina n'kulembanso zonse, ndi zina zoonjezera.

M'masiku a Zedekiya, mfumu yomaliza, nduna zinaponya Yeremiya m'chitsime chopanda madzi, iye n'kumira m'matope. Womutulutsa anali mlendo, Ebedi-Meleki wa ku Kusi, munthu wa ku Africa wotumikira kunyumba yachifumu, amene anatsitsa zingwe pamodzi ndi nsanza zoti mneneriyo aike m'khwapa kuti zingwe zisamucheke. Zedekiya ankaitana Yeremiya mwamseri kuti amve zoona, koma ankaopa nduna zake kuposa mawu a Mulungu. Ababulo anazinga mzinda kwa chaka ndi theka. Linga litabooledwa, cha m'ma 586 BC, mfumu inathawa usiku kudzera pa chipata cha kumunda wake, inagwidwa m'chigwa cha Yeriko asilikali ake atabalalika, n'kupita nayo ku Ribila. Kumeneko ana ake anaphedwa iyo ikuona, kenako anaikolowola maso onse awiri. Mtundu umene unafuna mfumu poopa wokolowola diso limodzi unaona mfumu yake ikupita ku Babulo m'maunyolo ili yakhungu.

Mphwake, Yehoyakini, anali atatengedwa kale mu 597 BC, pamene Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, analanda Yerusalemu koyamba. Ofukula a ku Germany motsogozedwa ndi Robert Koldewey, amene anakumba Babulo kuyambira 1899 mpaka 1917, anapeza timapale tadothi pafupi ndi Chipata cha Ishtar, tolembedwa ndi osunga nkhokwe za mfumu, ndipo Ernst Weidner anatimasulira mu 1939. Ndi mndandanda wa andende ndi alendo amene ankalandira phoso kunyumba yachifumu. Pakati pa maina a amisiri ndi amalinyero pali dzina la Yehoyakini, mfumu ya Yuda, ndi ana ake asanu, ndipo pambali pake palembedwa muyeso wa mafuta amene ankapatsidwa. Timapaleto tili ku Berlin mpaka lero.